Final Fantasy Tactics: kukoma kwake, zilema zake, ndi chomwe Dorter ikukukwapulirani

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Chikanda: "Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite kuno ku Zomba. Mnzanga anandikopa kuti ndigule Final Fantasy Tactics: The War of the Lions pa foni, ati palibe gemu ya nkhondo yosinthana mpata yoiposa. Ine ndinazolowera magemu a mpira ndi owomberana. Ndafika pa nkhondo ya ku Dorter, andikwapula mpaka ndatopa nazo. Kodi gemuyi ndi yabwinodi, kapena anthu amangoitama poti ndi yakale? Ndipitirize kapena ndiifufute?"

Achimwene, musaifufute kaye. Dorter yakhala ikukwapula anthu kuyambira 1997, ndipo ambiri omwe lero saleka kuitama gemuyi analirapo pamalo pomwe mwaima inupo. Koma sindikunamizani kuti vuto ndi inu nokha. Gemuyi ili ndi zilema zenizeni, ndipo zambiri mwa izo zikumera pa tsinde limodzi ndi kukoma kwake: imakupatsani ufulu wochuluka wopanga gulu lanu mmene mukufunira, koma siivutika n'kukuuzani kuti ufuluwo muugwiritse bwanji. Walira mvula walira matope.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Square ku Japan ndipo inatuluka pa PlayStation yoyamba mu 1997. Woitsogolera anali Yasumi Matsuno, yemwe asanapite ku Square anali atapanga kale Tactics Ogre mu 1995 ku kampani ya Quest. Imene muli nayo inu ndi yokonzedwanso, inatuluka pa PSP mu 2007, kenako pa iPhone mu 2011 ndi pa Android mu 2015. Izi ndazitchula pa chifukwa chimodzi: inapangidwa m'masiku omwe gemu inkabwera ndi kabuku kake m'bokosi, ndipo opanga ankayembekezera kuti munthu awerenga, afunsa anzake, agonja, ayambiranso. Magemu a masiku ano amakugwirani dzanja mpaka muzolowere. Iyi ayi.

Tsono chinthu choyamba chimene sinakufotokozereni bwino, chomwenso ndi mtima wa gemu yonse, ndi kayendedwe ka nthawi. Anthu ambiri akamva za kusinthana mpata amaganiza kuti mbali imodzi isewera yonse, kenako inayo. Muno si choncho. Msilikali aliyense, wanu ndi wa adani yemwe, ali ndi muyezo wake wotchedwa CT. Muyezowu umadzaza molingana ndi Speed (liwiro) ya munthuyo, ndipo ukafika pa 100 ndiye mpata wake. Wa Speed 10 amasewera kawiri pamene wa Speed 5 wasewera kamodzi. Mukayenda ndi kumenya pa mpata umodzi, muyezo umachotsedwa 100 yonse. Mukachita chimodzi chokha, umachotsedwa 80. Mukangoima osachita kanthu, 60 yokha. Ndiye kuti kudikira nako ndi kusewera: amene waima pamalo abwino n'kusiya mdani kuti abwere yekha amapeza mpata wotsatira msanga kuposa wothamanga.

Matsenga nawo sachitika nthawi yomweyo. Wamatsenga akayamba kuitana moto, pamapita kanthawi motowo usanagwe, ndipo gemu ili ndi mndandanda wosonyeza amene asewere kenako komanso pamene motowo ugwere. Mndandanda umenewu muziutsegula pafupipafupi, mwina pa mpata uliwonse. Mukapita pansi pa mtengo kumsika wa Zomba pomwe madoda amasewera bawo, muona kuti katswiri sakhudza nkhomo asanawerenge m'mutu komwe zikathere ndi chomwe mnzake adye akamaliza. Zimene gemuyi ikufuna kwa inu n'zomwezo, kungoti muno ziwerengerozo zalembedwa kale, chanu n'kukaziona. Apa ndi pomwe ine ndimaiikira gemuyi pamwamba. Mukagonja, nthawi zambiri mutha kuloza mpata weniweni pomwe zinthu zinapotokera.

Tibwere ku Dorter kwenikweniko. Adani kumeneko ali ndi oponya mivi angapo, mmodzi ali pamwamba penipeni pa denga lalitali, komanso amatsenga awiri ndi msilikali wa lupanga. Wapadengayo ndiye amakuzunzani, chifukwa uta umafika kutali munthu akakhala pamtunda. Amatsengawo moto wawo sugwera bokosi limodzi, umagwiranso timabokosi toyandikana nalo mbali zonse zinayi. Munthu wozolowera magemu owomberana amathamangitsa gulu lonse pamodzi kupita kutsogolo, n'kukaima mothithikana pamsewu, ndipo moto umodzi umaotcha atatu. Delita ndi Argath, anyamata awiri omwe ali mbali yanu koma simuwalamula, amadziyendera okha, nthawi zina mopusa.

Chochita ndi ichi. Musalole asilikali anu kuima moyandikana pamene wamatsenga wayamba kuitana. Mukaona kuti moto walunjika pa munthu wanu wina, dziwani kuti umutsata kulikonse apite, choncho m'malo momuthawitsira kwa anzake, muyendetseni akaime pambali pa mdani. Motowo susankha, ukawotchanso mwini wake. Amatsengawo ndi ofooka thupi, ndipo pamene akuitana salewa, ndiye muwamalize iwo poyamba. Pomenya, mdani amalewa kwambiri mukamubwerera kumaso, pang'ono mukamubwerera m'mbali, ndipo kumsana chishango chake sichimuthandiza. N'chifukwa chake pakutha pa mpata uliwonse gemu imakufunsani kuti munthu wanu ayang'ane kuti. Funso limeneli musamaliyankhe mongodina. Msana uzikhala kukhoma.

Koma mwina vuto lanu lalikulu linayamba musanalowe n'komwe m'nkhondoyo. Ndikukayikira kuti gulu lanu lonse likadali ma Squire ndi ma Chemist monga linalili pachiyambi, ndiponso kuti ma JP (mapointi ogulira luso) omwe apeza sanagwiritsidwe ntchito. Luso silibwera lokha muno. Msilikali akachita kanthu kalikonse kotheka m'nkhondo amalandira JP pa ntchito imene akugwira, ndipo muyenera kulowa nokha m'ndandanda wa asilikali kukamugulira luso ndi JP imeneyo. Chemist amene sanaphunzire Phoenix Down sangadzutse wakugwa ngakhale thumba litadzaza nazo. Ndipo ataphunzira, mankhwalawo muyenera kukagulanso kusitolo. Squire akafika levo 2 ya ntchito yake amatsegula Knight ndi Archer, Chemist akafika levo 2 amatsegula White Mage ndi Black Mage. Musanabwerere ku Dorter, khalani ndi Knight mmodzi kapena awiri ovala zida zabwino, Black Mage wanuwanu, ndi Chemist wodziwa Potion ndi Phoenix Down.

Nkhani ya ntchitoyi ndiyo imachititsa anthu kubwerera ku gemuyi patapita zaka. Yoyamba ija inali ndi ntchito 20 zoti msilikali wamba angagwire, ndipo yanuyi inawonjezerapo Dark Knight ndi Onion Knight. Chokoma si kuchuluka kwake. Chokoma n'chakuti luso lophunzira pa ntchito ina mumapita nalo ku ntchito ina. Knight angathe kunyamula mankhwala a Chemist. Monk, yemwe amamenya ndi zibakera, mukamupatsa luso la Ninja lomenya kawiri amasanduka chilombo. Wamatsenga wofooka uja mungamuphunzitse kuvala zida za Knight kuti asamafe ndi muvi umodzi. Anthu awiri a m'chipinda chimodzi ku Chikanda angasewere gemu yomweyi n'kufika kumapeto ndi magulu osafanana ngakhale pang'ono, aliyense akulumbira kuti lake ndiye labwino.

Apa pomwe m'pamene chilema choyamba chagona. Poti JP imabwera pa chochita chilichonse, osati pa kupha mdani pokha, njira yachangu yokulira ndi yochititsa manyazi: mumasiya mdani mmodzi wamoyo pakona, kenako asilikali anu n'kumagendana miyala okhaokha ndi kupatsana mankhwala kwa theka la ola. Kapena aliyense n'kumangobwereza luso la Squire lodziwonjezera mphamvu lotchedwa Focus. Zimagwira ntchito, koma si nkhondo imeneyo, ndi ganyu. Ndipo ganyu ameneyu ali ndi msampha wake. Adani a m'nkhondo za nkhani ali ndi levo yokhazikika, pamene zilombo zomwe mumakumana nazo mwangozi panjira zimakula limodzi ndi inu. Mukakweza levo mopitirira popanda zida zofanana nayo, nkhondo za nkhani zimafewa mpaka kusakoma, pamene mbalame za chocobo za m'tchire zimayamba kukuphani. Funani JP, osati levo. Luso la Squire lotchedwa JP Boost ligulireni aliyense msanga, lidzakuchepetserani ganyuyo.

Chilema chachiwiri ndi chakuti gemuyi siyenda mulingo umodzi. Poyamba imawawa, monga mwaonera. Pakati ili ndi zipupa zingapo zomwe zimakudzidzimutsani. Kumapeto imagwa mphwayi. M'chigawo chachinayi mumalandira mkulu wina dzina lake Orlandeau, yemwe amabwera ndi lupanga la Excalibur lomuthamangitsa nthawi zonse, ndipo yekha angathe kusesa theka la adani anzake asanasolole n'komwe malupanga. Palinso ntchito ya Arithmetician, yomwe imaponya matsenga popanda kudikira ndi popanda kuwononga MP (mphamvu yoponyera matsenga), n'kugwira aliyense pabwalo amene levo yake, CT yake kapena kutalika kwa pomwe waima kukugawika ndi 3, 4 kapena 5. Mukaidziwa bwino, nkhondo imatha pa mpata woyamba. Ena amati kumeneko ndiye kukoma, kuti gemu imakulolani kuiswa ndi nzeru zanu. Ine ndimavomereza theka lokha. Kuiswa ndi gulu lomwe mwalimanga nokha n'kokoma. Kupatsidwa Orlandeau mwaulere si nzeru zanu, ndipo amachititsa asilikali omwe mwalera kuyambira pachiyambi ku Gariland kuoneka ngati achabe. Ine ndimamusiya kunja kwa nkhondo zambiri.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa ichi n'chimene chathetsa gemuyi kwa anthu ambiri kuposa Dorter. Pali malo pomwe nkhondo zimabwera motsatizana popanda mwayi wotuluka kukagula zida kapena kukakula, ndipo pakati pa nkhondozo gemu imakufunsani ngati mukufuna kuseva. Mukaseva pamwamba pa sevu yanu yokhayo, mwadzitsekera m'khola. Loopsa kwambiri ndi linga la Riovanes kumapeto kwa chigawo chachitatu, komwe Ramza, mnyamata amene nkhani ikumutsata, amamenyana yekhayekha ndi mdani wamphamvu dzina lake Wiegraf. Ngati Ramza wanu mwamulera ngati wochiritsa anzake kapena wamatsenga wofooka, amagwa pa mipata iwiri, ndipo kubwerera m'mbuyo kulibe. Anthu ataya maola ochuluka pamenepa n'kuyambiranso gemu yonse. Uku si kuvuta kwabwino, ndi kulakwitsa kwa opanga. Mankhwala ake ndi apafupi: mukangolowa m'linga lililonse, sevani pamalo atsopano, sevu ya panja muisiye. Ku Lionel, kumapeto kwa chigawo chachiwiri, chitaninso chimodzimodzi. Pokonzekera Wiegraf, Ramza akhale ndi Auto-Potion ya Chemist (luso lomumwetsa mankhwala lokha akavulazidwa), m'thumba mutatsala mankhwala amphamvu okhaokha poti lusoli limayamba kutenga ofooka, komanso luso lake la Tailwind lokweza Speed. Mumathawa uku mukudzithamangitsa mpaka muzisewera kangapo iye asanasewere kamodzi. Mukadutsa apo, padenga la linga lomwelo pali nkhondo yoti muteteze mtsikana wotchedwa Rapha, yemwe nthawi zina amathamangira adani n'kuphedwa inu musanagwire n'komwe foni. Pamenepo palibe cha nzeru, mumangoyambiranso.

Imfa muno ndi yeniyeni. Msilikali akagwa pamutu pake pamaoneka nambala 3, ndipo imatsika nthawi iliyonse mpata wake ukakwana. Ikatha osamudzutsa, amasanduka mwala wonyezimira kapena bokosi la katundu, basi wapita, pamodzi ndi JP yonse munamuvutikira. Akakhala Ramza, gemu yathera pomwepo. Ena amadana nazo. Ine ndimaziona ngati mphamvu ya gemuyi, chifukwa nambala imeneyi imakukakamizani kusankha: mumalize mdani amene watsala pang'ono kufa, kapena muthamangire mnzanu amene wafika pa 1?

Zina zimene gemu imabisa ndi Bravery (kulimba mtima) ndi Faith (chikhulupiriro). Bravery ndiyo imaweruza kuti luso lobwezera, monga Auto-Potion ija, ligwira kangati, ndipo ikatsika pansi pa 10 m'nkhondo msilikali amasanduka nkhuku, nkhuku yeniyeni. Faith yokwera imalimbitsa matsenga omwe munthu akuponya, komanso omwe akumugwera, abwino ndi oipa omwe. Ikakwera kufika cha m'ma 95 munthuyo amakusiyani kukatumikira Mulungu. Palinso za nyenyezi zobadwira zomwe zimasintha mphamvu ya nkhonya pakati pa anthu awiri. Zimenezo musavutike nazo kuloweza. Musanatsimikize kumenya, gemu imakuonetsani mwayi woti mumenyadi ndi kuchuluka kwa bala, ingowerengani pamenepo.

Za nkhani yake ndinena mosamala kuti ndisakuonongereni. Dziko la Ivalice langotuluka m'nkhondo ya zaka 50 lili lopanda ndalama. Asilikali wamba omwe anamenya nkhondoyo abwezedwa kwawo osalipidwa, ndipo ena apanga gulu loukira la Corpse Brigade lotsogozedwa ndi Wiegraf uja. Amenewo ndiwo mukumenyana nawo ku Dorter, anthu omwe dandaulo lawo ndi loona. Mfumu ikamwalira, nduna ziwiri, Larg ndi Goltanna, zimalimbirana kulera mpando, zomwe zikufanana ndi nkhondo za Wars of the Roses za ku England m'zaka za m'ma 1400. Pakati pa zonsezi pali anyamata awiri: Ramza, mwana wa banja lolemekezeka la Beoulve, ndi Delita, mwana wa anthu wamba yemwe analeredwa pakhomo pa a Beoulve n'kuphunzira sukulu imodzi ndi Ramza. Gemu imakuuzani pachiyambi pomwe kuti mbiri inakumbukira Delita ngati ngwazi, ndipo Ramza mpingo unamulemba kuti ndi wopanduka. Chimene mukusewera ndi mbiri imene inabisidwa.

Kwa ife a tauni ino, yomwe inali likulu la dziko mpaka 1975, ya nyumba za mabwana m'mphepete mwa phiri ndi antchito awo kumunsi, za mwana wa bwana ndi mwana wa wantchito okulira bwalo limodzi sizifuna womasulira. Mvetserani mmene Argath amayankhulira za anthu wamba Delita ali pomwepo, iye mwini ali wa banja lomwe ulemu wake unatha kale. Chigawo choyamba chonse ndi chimodzi mwa zolembedwa bwino kwambiri zomwe ndazionapo m'gemu. Chondikhumudwitsa n'chakuti nkhani ikamapita kumapeto, funso la olemera ndi osauka limazilala, malo ake n'kutengedwa ndi ziwanda zotchedwa Lucavi ndi miyala yamatsenga. Munthu woipa chifukwa cha dyera amandiopsa kuposa woipa chifukwa chiwanda chamulowa. Mayina a nduna, mabishopu ndi magulu a asilikali nawonso ndi ochuluka moti mukaisiya sabata ziwiri za mayeso mudzabwerera musakudziwa amene akupereka mnzake.

Chingerezi chake ndi nkhani ina. Kumasulira koyamba kwa 1998 kunali ndi zolakwika zambiri, ndiye pokonza The War of the Lions anailembanso m'Chingerezi chonga chamakedzana, cha m'nyumba za mafumu. N'chokoma kwa wochizolowera, koma ngakhale wa chaka chachiwiri pa yunivesite adzaima apa ndi apo. Musathamangitse zokambirana. M'gemu momwemo muli malo owerengeramo za munthu aliyense ndi kuoneranso zochitika zakale, muzipitako.

Pa foni pali zabwino ndi zowawa. Gemuyi siifuna zala zachangu kapena netiweki yolimba monga owomberana aja, palibe amene akukuthamangitsani, ndipo nkhondo zake mumasewera nokha popanda kudya bandulo. Magetsi akazima madzulo, bola batire ilipo. Koma inapangidwira mabatani, osati sikirini yogwira ndi chala. Kusankha kabokosi komwe kabisika kuseri kwa nyumba, makamaka pamalo a zitunda ngati Dorter, kumafuna kutembenuza bwalo kangapo, ndipo chala chikaphonya munthu wanu amakaima pomwe simunafune. Zofunsa zotsimikiza nazo n'zambiri pa chochita chimodzi. Nkhondo imodzi kutenga theka la ola si zachilendo, choncho si gemu yosewera podikira minibasi ya ku Chinamwali kuti idzaze. Zithunzi ndi zakale, timatupi ting'onoting'ono topanda mphuno tojambulidwa ndi Akihiko Yoshida, koma maso amazolowera msanga. Nyimbo za Hitoshi Sakimoto ndi Masaharu Iwata zimveni ndi mahedifoni.

Kodi anthu amangoitama poti ndi yakale? Pang'ono inde. Amene anaisewera ali ana amaiwala msanga za Riovanes ndi ganyu wa miyala uja. Koma CT, zitunda, mbali yoyang'ana ndi kusakaniza ntchito zikugwirabe bwino lero, ndipo magemu ambiri obwera pambuyo anatengerako. Ngakhale eni ake anazindikira zilemazo: mu Seputembala 2025 kampani ya Square Enix inatulutsa Final Fantasy Tactics: The Ivalice Chronicles pa kompyuta ndi pa makina a PlayStation, Switch ndi Xbox, yokhala ndi mawu a ochita sewero komanso mwayi wosankha kuti gemu ivute motani. Imeneyo ndi yofewerapo kwa woyamba kumene, koma ndalama mwalipira kale pa ya foniyi, ndipo nkhani ndi yomweyo.

Mukayesa zimene ndanenazi n'kupezabe kuti kuwerenga mndandanda wa mipata kukukutopetsani m'malo mokusangalatsani, ndiye kuti mtundu uwu wa magemu si wanu, ndipo palibe chochititsa manyazi. Ngati kuganizako mukukukonda koma kutalika ndiye vuto, Into the Breach ya 2018 ili ndi nkhondo zazifupi pabwalo la timabokosi 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo imakuonetsani chimene mdani achite asanachite. Ngati muli ndi laputopu yakale, The Battle for Wesnoth ndi yaulere.

Koma poyamba bwererani ku Mandalia Plain, pakati pa Gariland ndi Eagrose, muziyendayenda mpaka mukumane ndi zilombo. Menyani nkhondo ziwiri kapena zitatu, gulani JP Boost, sinthani ntchito monga ndanenera, mudzaze thumba ndi Potion ndi Phoenix Down. Zida za Knight zikagulidwe ku Eagrose, za amatsenga ku Gariland. Sevani pamalo awiri, kenako mukalowenso ku Dorter, asilikali atatalikirana.